Kampata ka pa Funso Seveni

Ine mawu anga sadziwa kunong'ona. Funsani aliyense wachikulire kuchokera pa boma mpaka kumalire, akuuzani kuti pa sekondale ina yoyendera panali mesenjala amene akaitana mwana ali pakhomo la ofesi, ankatembenuka ndi madalaivala a mathiraki ali pamzere wa kasitomu. Ndineyo. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, sindibisa, ndipo izi ndikulemba m'kope la ana, tsamba limodzi pa tsiku maso akalola. Koma kwa zaka zambiri ana a Fomu 4 a dera lathu lonse sankalemba masamu dzanja langa lisanadutse pa pepala lawo. Chimenecho gwiritsitsani, chifukwa zotsalazi si zondikomera.

Dzanjalo ndinalisula pa esiteti ya fodya cha ku Mkanda. Ntchito yanga inali kulemba manambala pa mabelo ndi penti wakuda. Kuwerenga kunkandivuta, koma chimene diso laona dzanja linkachikopera ndendende, osakhotetsa, osadontheza. Esiteti itagwa ndinalowa umesenjala pa sukulupo: kusesa ofesi, kuimba belu, kunyamula makalata pa njinga, ndi kupukusa makina a inki otulutsa mapepala a mayeso.

Zipani zambiri zitabwera, ana anachuluka m'sukulu ngati ngumbi mvula itagwa. Ahedi a sukulu zoyandikana anapangana kuti mayeso oyeserera, amene ana ankangoti moko, azikhala amodzi, ndipo azitayipidwa kwathu chifukwa ndife tinali ndi tayipi ndi makina opukusawo. Chingerezi, Chichewa, Baibulo, zonsezo tayipi inkangoyenda nazo. Masamu ndiwo anali nkhondo. Tayipi ili ndi zilembo ndi manambala, koma masamu a ana akuluakulu ali ndi tizinthu tina tokhota, tokwera, tofunda tinzake, timene tayipi ilibe. Choncho wotayipa ankasiya mpata, ndipo wina ankayenera kukanda chizindikirocho pa sitensulo, pepala lofewa lokulunga pa makina opukusawo, ndi kachitsulo kosongoka.

Aphunzitsi a masamu, bambo wamtali wokonda kuseka anthu, anayesa okha. Tsiku limodzi anang'amba masitensulo atatu. Ine ndili ndi tsache m'manja ndinaseka mpaka ahedi anatuluka mu ofesi mwawo.

"Aphunzitsi, mukukanda kapena mukugalauza dimba?"

"Ngati n'zophweka bwerani mudzagalauze inu, madala," anatero akundipatsa kachitsuloko.

Ndinapukuta manja, ndinayang'ana pa pepala lawo, ndinakanda. Chinatuluka choyera kuposa cha m'buku. Kuyambira tsiku limenelo aphunzitsiwo ankanditcha Apulofesa. Ankandinyogodola, ndikudziwa, koma dzinalo ndinalivala ngati jekete la Khirisimasi.

Tanthauzo la tizinthuto sindinalidziwe ndipo sindinafunse. Ndinangotipatsa mayina anga kuti ndizitisiyanitsa. Chija chokhala ndi mwendo umodzi ndi denga lofunda manambala ndinachitcha chigafa, chifukwa manambala amakhala pansi pake ngati fodya. Mzere wokhala ndi nambala pamwamba ndi ina pansi ndi thandala. Ka miyendo iwiri ndi kampando. Kozungulira kodulidwa pakati ndi dzira lomanga lamba. Ka mtanda koima pa kamzere ndi mtanda wa pamanda. Ndipo ka 2 kakang'ono kokwera paphewa pa chilembo chachikulu ndi mwana wa kumsana.

Wotayipa wakale atapuma, pampando pake panakhala mwana wanga wamkazi, wachitatu kubadwa, yekhayo amene anafika Fomu 4. Kutayipa anaphunzira pa boma. Anali wofatsa, wotengera amayi ake. Ine ndikayankhula mawu khumi iye ankayankha amodzi. Mwamuna wake, dalaivala wa thiraki, tinali titamuika kale m'manda, ndipo iye anabwerera kwathu ndi ana ake awiri, n'kumanga kuseri kwa nyumba yathu. M'mawa tinkapita pa njinga imodzi, ine ndikupalasa, iye pakaliyala atagwira kachikwama.

Tinali ndi njira yathu. Akasiya mpata ankaika kadontho ka pensulo m'mphepete mwa mzerewo. Mipata iwiri, madontho awiri. Ine ndinkawerenga madontho, n'kuyang'ana pa pepala la aphunzitsi, n'kudzaza. Nthawi zina ankandiuza asanatembenuke n'komwe, zala zili pa tayipi: "Ababa, pa funso faifi pali chigafa ndi ana awiri." Aphunzitsi a masamu ankagwira pamimba ndi phwete. Ankati tsiku lina adzalemba buku la masamu a Apulofesa.

Kenaka kunabwera kompyuta, mphatso ya anthu akufuna kwabwino. Anaiika pa tebulo la mwana wanga, n'kuifunditsa nsalu ya maluwa ngati mkwatibwi. Anthu anayamba kundiyang'ana mwachisoni, ati madala ntchito yatha. Koma nyengo ya moko itafika, taonani, kompyutayo nayonso inagwa mphwayi pa masamu! Zilembo inkatulutsa zokongola, koma chigafa palibe amene ankadziwa kumene chimabisala. Mwana wanga anapitiriza kusiya mipata ndi madontho ake a pensulo, ine n'kumadzaza ndi cholembera chakuda cha mlomo woonda, pepalalo n'kupita ku fotokope pa boma. Ndinalengeza pa msika, ndinalengeza kutchalitchi, ndinalengeza kwa osintha ndalama kumalire, kuti makina a azungu andigwadira ine wa Sitandade 2.

Chimene sindinalengeze n'chakuti diso langa lamanzere linali litayamba nkhungu. Poyamba inali ngati utsi wa patali, kenaka ngati mkaka wothiridwa m'madzi. Lamanja nalo linayamba kutsatira. Sindinauze mkazi wanga, sindinauze mwana. Magalasi ndinkati ndi a anthu okalamba.

Tsiku lodzaza mipata ya moko wa chaka chimenecho kunali mphepo ya mu Juni. Ndinatulutsa tebulo pakhonde la ofesi, ndikuti ndikufuna kuothera dzuwa, pamene ndinkafuna kuwala. Panali makolo atatu kapena anayi akudikira ahedi, ndipo munthu ngati ine sangakhale ndi anthu omumvera n'kukhala chete. Ndinkadzaza mipata uku ndikuwaonetsa. "Ichi chigafa, mayi. Mwana wanu akachiona amatuluka thukuta, koma ine ndimachimanga ndi dzanja limodzi." Ankaseka, ine n'kumawonjezera. Ndinafika pa funso seveni. Ndinaona madontho awiri. Ndinamanga chigafa, ndinayala thandala, ndinapitirira.

Mapepala atabwera ku fotokope, maenivelopu ake ndinakagawa ndekha pa njinga, ena ku Mkanda, ena mpaka ku Chiosya, fumbi lili m'mano.

Tsiku la mayeso, dzuwa litakwera pang'ono, aphunzitsi a masamu analowa mu ofesi akuthamanga, osaseka. Pa funso seveni panasowa ka 2 kakang'ono, ndipo popanda kameneko funsolo linalibe mutu, linalibe yankho. Linali funso la malikisi ambiri. Ana anali atalimbana nalo nthawi yaitali, mtsikana wina akulira pa desiki. Kwathu aphunzitsi anakonza pa bolodi, koma sukulu zinazo kunalibe lamya, kunalibe wowauza. Ana a kumeneko anamenyana ndi funso lakufa mpaka belu.

Aliyense asanaganize zofuna pepala loyambirira, ine ndinali nditalipeza kale m'katoni. Ndinatuluka nalo kuseri kwa ofesi, ndinalitukula padzuwa, ndinatseka diso lamanzere. M'mphepete mwa funso seveni munali madontho atatu. Atatu, ondandalikana bwinobwino. Ndipo paphewa pa chilembo chija panali kampata kakang'ono, koyera, kakudikira mwana wake. Ndinapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba lam'kati la jekete.

Masana ahedi anatiitana. Anali munthu wachifundo koma wamantha, ndipo tsikulo mantha ndiwo anali patsogolo, chifukwa ankadziwa kuti ahedi anzawo awadya amoyo. Pa makope a fotokope madontho a pensulo sankaoneka, ndipo kampata ka mwana n'kakang'ono, kankangooneka ngati danga wamba la pakati pa zilembo.

"Pepala loyambirira lili kuti?"

"Tafufuza m'katoni, mulibe," anatero aphunzitsi a masamu. "Mwina linatsala ku fotokope."

"Ndiye ndiuzeni inu awiri. Mpata unalipo kapena panalibe?"

Ndinadziguguda pachifuwa, pomwepo pamene panali pepala. "Ahedi, ine zaka zonsezi ndinaphonyapo? Pamene pali mpata ine sindidumpha! Funsani aliyense!" Mawindo ananjenjemera. Ana a Fomu 1 amene ankadutsa panja anaima.

Mwana wanga sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana pa jekete, pa dzanja langa, kanthawi kochepa chabe. Kenaka anatembenukira kwa ahedi, manja ali pamiyendo.

"Ndine, ahedi. Mpata sindinasiye. Pepani."

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wanga unali waukulu ndithu, koma unalewa, nkhonya n'kugwera mwana. Anamulembera kalata yochenjeza n'kuiika m'failo yake. Dzina lake linali pa mndandanda wa okaphunzira kompyuta ku Lilongwe, maphunziro amene ankawayembekezera chaka chonse, atasoketsa ndi diresi lomwe. Analifafaniza. Ahedi a sukulu zina akakumana naye pa boma ankamupatsa moni woti, "Muli bwanji, mayi a funso seveni?"

Madzulo a tsikulo tinabwerera pa njinga imodzi monga mwa masiku onse. Ndinkadikira kuti ayankhule, ndikonzeretu mawu omukalipira. Tinadutsa mlatho, tinadutsa chigayo. Pafupi ndi kwathu anati, "Ababa, mtedza uja tikachedwa kukumba uyamba kumera." Basi.

Loweruka mkazi wanga akuchapa anapeza pepalalo m'jekete. Iye sadziwa kuwerenga ngakhale dzina lake, koma munthu amene wagona naye nyumba imodzi zaka makumi anayi amamuwerenga.

"Ichi n'chiyani?"

"Za kuntchito. Sizikukukhudzani."

Analiyang'ana, anandiyang'ana, analiika pansi pa zovala m'sutikesi ya malata. "Chikhale umu," anatero. "Mukachifuna mudziwa pamene chili."

Mwana wanga atamanidwa Lilongwe anayamba kupita kumalire Loweruka lililonse. Kumeneko kunali mayi wina wa ku Chipata, kalaliki wa kampani yoombola katundu pa kasitomu, amene ankadziwa kompyuta. Mayiyo ndiye anamuonetsa kumene tizinthu ta masamu timabisala m'makinamo. Koma ankati kutitulutsa kunali kuvutika: kutsegula apa, kutsegula apo, kusakasaka m'timabokosi ting'onoting'ono ngati kusankha nyemba zofumbwa, moti chigafa chimodzi chinkadya nthawi kuposa dzanja langa. Ine nditamva ndinakondwera. Ndinati musiyeni atope.

Sanatope. Anali atayamba kale kutsokomola, siketi ikuzungulira m'chiuno, koma ana akaweruka iye ankatsalira pa kompyuta. Ndinkakhala panja pa njinga ndikuimba belu la njinga kuti afulumire.

Lachisanu lina masana anandiitana. Sukulu inali zii, ana atapita.

"Ababa, tabwerani muone."

Ndinaima pakhomo. Ndi diso langa limodzi lotsalalo ndinaona pa galasi la kompyuta chigafa chachikulu, choongoka, denga lake litafunda manambala mwaulemu. Zala zake zinagunda kangapo, thandala n'kutulukira, nambala pamwamba, ina pansi. Anagundanso, kampando. Mofulumira ngati akutayipa moni.

"Makinawa amaphunzitsika," anatero, nkhope ikuwala. Ndinali ndisanamuone akumwetulira chotero chimwalirire mwamuna wake. "Ukawauza kuti ndikalemba mawu akutiakuti uzitulutsa chakuti, amasunga. Sunthirani kuno muone mawu amene ndikulembawo. Mukondwa."

Sindinasunthe. Ndinafuula kuti anthu akunja anayesa kundichotsa n'kulephera, lero wondikumbira dzenje ndi mwana wobereka ndekha. Ndinati ndinamunyamula pa njinga kupita naye ku sukulu mvula ikugwa, malipiro ake ndi amenewa. Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe m'kope la ana.

Anadikira ndithe. Kenaka anati, motsitsa, "Maso anu apume, ababa."

"Maso anga alakwa chiyani?"

Anangofunditsa kompyuta nsalu yake ya maluwa. Tsiku limenelo ndinamusiya, anabwerera wapansi, ndipo anafika dzuwa litapendeka, akupumira m'mwamba. Mkazi wanga anakhala masiku atatu osandiyankhula.

Teremu itatha ndinapuma pa ntchito. Kumsika ndinkati ndakana kugwira ntchito ndi makina opanda ulemu.

Matenda a zaka zimenezo sitinkawatchula dzina, koma mudzi uliwonse unkawadziwa kayendedwe. Chaka chotsatira, fodya ali m'chigafa, mwana wanga analeka kupita ku ntchito. Amayi ake ankamuyalira mphasa pakhonde kuti aothere dzuwa. Katatu konse ndinatsegula sutikesi ya malata, ndinatenga pepala lija, ndinaliika m'jekete, ndinapita kukakhala pambali pake. Ulendo woyamba ndinamuuza za mitengo ya fodya. Wachiwiri ndinamuuza za tcheni cha njinga. Ine amene sindinasowepo mawu.

Ulendo wachitatu anayamba ndi iye.

"Ababa, tatchulani mayina aja."

"Ati?"

"A masamu a Apulofesa."

Ndinatchula. Chigafa. Thandala. Kampando. Pa dzira lomanga lamba anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, ndinamupatsa madzi. Nditati mtanda wa pamanda anapukusa mutu. "Limenelo ndimadana nalo. Munalitcha moipa." Panatsala dzina limodzi, tonse tinkalidziwa. Ndinalowetsa dzanja m'jekete, zala zinakhudza pepala. Iye anatambasula dzanja lake, lopepuka ngati phesi louma, n'kundigwira pamkono.

"Siyani, ababa."

Ndinasiya. Ndipo mverani, chifukwa apa ndi pamene pamandiluma mpaka lero: ndinasiya mokondwa. Mtima unati phee, ngati munthu amene wamasulidwa katundu pamutu. Sindinafunse ngati akuti siyani ndakhululuka, kapena siyani mwachedwa. Ndinatulutsa dzanja n'kuyamba kukamba za mvula.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, amayi ake akumuphikira phala.

Pa maliro panadzaza aphunzitsi ndi ana a yunifolomu. Ahedi anapatsidwa mpata woyankhula m'malo mwa akuntchito. Anamuyamikira kufatsa, kusunga nthawi, kusadandaula. Kenaka anati, "Zaka zonse zimene tagwira naye ntchito analakwitsa kamodzi kokha, ndipo anavomera yekha pamaso pathu, osaloza wina chala. Anthu otere ndi osowa." Khamu linang'ung'udza movomera. Amayi ena anati eee, zoona.

Ine ndinali pa mpando pakati pa azibambo, jekete lomwe lija lili pathupi. Kwathu kuno pa maliro a mwana woyankhula ndi malume ake, mwini mbumba; bambo amangokhala. Ndinadziuza kuti mwambo sundilola. Koma mwambo unanditsekapo pakamwa liti ine? Ndinadulapo mawu abusa ali pa guwa. Ndinakalipirapo msilikali wa pa chipata cha malire. Tsiku limenelo ndinayang'ana nsapato zanga. Kumbali ya azimayi mkazi wanga anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo anthu anamuika mwana wanga m'manda ndi funso seveni lili pamutu pake.

Zitatha izo ndinayamba kumva tayipi. Osati kutulo ayi, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndikupalira, ndikukonza njinga, ndinkamva kuseri kwa nyumba tapatapa, tapatapa, n'kuima, monga ankaimira akafika posiya mpata. Ndikapita kukaona ndinkapeza nkhuku zikujompha pa lata.

Nyengo ya moko itafikanso, ndinaona aphunzitsi a masamu akutsika njinga pabwalo panga. Tsitsi lawo linali litayamba imvi.

"Apulofesa, makina akukana."

"Akukana chiyani? Si munati amadziwa zonse?"

"Wotayipa watsopano wayesa sabata yathunthu. Tizinthu tija tilimo, koma timatuluka ndi mawu amene malemu anawaphunzitsa, ndipo sanawalembe paliponse. Ine ndinangoonako kamodzi ndikudutsa kumbuyo kwake. Analemba kuti thandala. Madala, makina aja amamvera mayina anu."

Ndinakhala pansi pa chitsa. Mawu aja anabwerera: sunthirani kuno muone, mukondwa.

Ndinavala jekete. Mkazi wanga analowa m'nyumba, ndinamva sutikesi ya malata ikulira, anatuluka n'kundiika pepala m'thumba ndi dzanja lake.

Mu ofesi zonse zinali pamalo pake, ndi nsalu ya maluwa yomwe. Pa mpando wa mwana wanga panali wotayipa watsopanoyo, mayi wina wa pa boma, wonenepa, waulemu. Ahedi anaima pakhomo la ofesi yawo, aphunzitsi a masamu kumbuyo kwanga.

"Tchulani, agogo, ine ndizilemba," anatero mayiyo.

"Chigafa!" Mawu anatuluka monga kale, mpaka mayiyo anadzidzimuka. Analemba. Mawuwo anaoneka pa galasi kamphindi, kenaka anazimirira, pamalo pake n'kuima chigafa, choongoka, denga lili tambalale. Zinali ngati ndaitana munthu m'chipinda china ndipo wavomera.

"Thandala!" Linabwera. "Kampando!" Kanabwera. "Dzira lomanga lamba!" Mayiyo anaseka, anayesa lonse, sizinatheke, anayesa dzira lokha, n'kutuluka lili ndi lamba wake. Aphunzitsi a masamu ankalemba mayinawo pa pepala, osaseka.

"Mtanda wa pamanda."

Palibe chinatuluka. Anayesa mtanda, anayesa manda, anayesa kulumikiza. Mawu ankangokhala pa galasi osasintha. Kachizindikiro kameneko anakapatsa dzina lina, lake, ndipo anapita nalo. Ndakhala ndikuliganiza zaka zonsezi, sindinalipeze.

"Latsala limodzi, Apulofesa," anatero aphunzitsi. "Ka 2 kaja."

"Mwana wa kumsana," ndinatero.

Mayiyo analemba chilembo chachikulu, n'kulemba kuti mwana. Ka 2 kakang'ono kanalumpha n'kukhala paphewa, bwinobwino, pamalo pake penipeni. Palibe diso lofunika, palibe dontho lowerenga. Sikangaiwalikenso. Pamenepo ndinamvetsa chimene ankapalasira njinga kupita kumalire akutsokomola. Sankandikumbira dzenje. Ankakwirira limene ndinali nditagweramo kale, kuti ndisadzagweremonso anthu akuona.

Ndinatulutsa pepala. Linali litafiira m'mapindiro. Ndinaliyala pa tebulo n'kunena zimene ndinabwera nazo.

Ahedi anasendera pafupi, dzanja lili kukhutu. "Mwati bwanji, madala? Sitikumva."

Chibadwire changa munthu anali asanandiuzepo mawu amenewo. Ndinayesanso. "Mpata unalipo. Madontho ndi atatu. Werengani. Ndinadumpha ndine."

Ahedi anavala magalasi. Anaika chala m'mphepete mwa funso seveni, milomo ikuyenda: wani, thuu, firii. Aphunzitsi a masamu anapita pawindo n'kumayang'ana bwalo la mpira lopanda munthu. Ndinkafuna wina andikalipire, anditukwane, andiponyere kunja. Palibe anatero. Ahedi analowa mu ofesi yawo, ndinamva kabati ikutseguka, anatuluka ndi failo. Anasolola kalata yochenjeza ija n'kuigwira m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wafika ndi mphatso pakhomo pamene eni ake anasamuka.

"Ndiipereke kwa yani tsopano?" anatero.

Anandipatsa ine.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kunena zonse, ndipo ulendo uno anamva ndi a kunja omwe. Ena anagwedeza mitu, ena anali ataiwala kale kuti kunali funso seveni. Mkazi wanga potuluka anangoti, "Mawu munali nawo nthawi yonseyi." Woyenera kumva anali kuseri kwa mitengo ija kumene munthu salowa popanda chilolezo.

Ndikumva kuti masiku ano makompyuta amatulutsa tizinthuto mosavuta, ndipo ija ya nsalu ya maluwa inafa kalekale, mayina anga ali m'mimba mwake. Zilibe kanthu. Mapepala awiri aja ali m'sutikesi ya malata, kalata pansi, la mayeso pamwamba. Kangapo ndalitulutsa pakhonde m'mawa, cholembera chakuda chili m'manja, kuti ndimukweze mwana uja, ka 2 kaja, pamsana pa mayi wake ntchito ithe. Dzanja likadali langa, silinjenjemera. Koma likafika pamenepo limaima, chifukwa ndikadzaza, pepalalo lidzaoneka ngati panalibe cholakwa.

Zilembo zazing'ono za pa pepalalo sindizionanso, zonse zasanduka nkhungu imodzi yotuwa. Koma ndikalitukula padzuwa, pakati pa nkhunguyo pamakhala kamalo koyera, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kameneko ndimakaona bwino kwambiri.